Mafunso ndi Mayankho: Jekeseni ndi Opaleshoni Zochepetsa Ukalamba Pankhope

Makalata amene omvera atumiza ku pologalamu ino pa nkhani yochepetsa ukalamba pankhope akusonyeza kuti ambiri amasakaniza njira zitatu zosiyana, zomwe ndi jekeseni wofooketsa minofu, jekeseni wodzaza malo ophwa, ndi opaleshoni yokweza mnofu wolendewera. Nkhope siikalamba pakhungu pokha, chifukwa zaka zikamapita mafupa ozungulira maso ndi a nsagwada amachepa, mafuta a m'masaya amaphwa ndi kutsikira m'munsi, ndipo collagen, yemwe ndi ulusi wolimbitsa khungu, amapangidwa wochepa. Njira iliyonse mwa zitatuzi imakhudza gawo limodzi lokha la kusinthaku, ndipo nkhope zooneka zachilendo zimene anthu amadabwa nazo pa intaneti kawirikawiri zimabwera pamene njira imodzi yakakamizidwa kugwira ntchito ya inzake.

Funso: Mayi wina wa ku Lilongwe akufunsa ngati zili zoona kuti Botox ndi poizoni, komanso chifukwa chimene anthu ena akabayitsa nkhope yawo imauma gwa, osaonetsanso kudabwa kapena chisoni.

Yankho: Zimene mayiwa adamva ndi zoona. Botox ndi dzina la malonda la mankhwala ochokera ku botulinum toxin, poizoni amene amatulutsidwa ndi bakiteriya wotchedwa Clostridium botulinum, yemwe amapezeka m'nthaka ndipo amaswana m'zakudya za m'zitini zosakonzedwa bwino. Poizoniyu akalowa m'thupi wambiri amafooketsa ziwalo mpaka munthu kulephera kupuma, koma akayengedwa ndi kubayidwa pamlingo wochepa kwambiri m'mnofu umodzi, amangotsekereza acetylcholine, mankhwala achilengedwe amene mtsempha umatumizira uthenga ku mnofu kuti ukoke, motero mnofuwo umapuma ndipo khungu la pamwamba pake limaleka kukwinyika. Woyamba kugwiritsa ntchito poizoniyu ngati mankhwala adali Alan Scott, dokotala wa maso wa ku San Francisco, amene m'zaka za m'ma 1970 ankafuna kuthandiza anthu a maso osayang'ana mbali imodzi, ndipo dziko la United States lidavomereza mankhwalawa pa matenda a maso mu 1989. Mu 1987 Jean Carruthers, dokotala wa maso wa ku Vancouver, adazindikira kuti odwala amene ankawabaya chifukwa cha kuphethira kosalekeza ankatha makwinya a pakati pa nsidze, ndipo iye ndi mwamuna wake Alastair, dokotala wa khungu, adafalitsa zimene adapezazo mu 1992. Chilolezo chogwiritsa ntchito mankhwalawa pa makwinya chidaperekedwa ku United States mu 2002.

Nkhope youma imene mayiwa akunena imabwera chifukwa cha mlingo wopitirira komanso kubaya pamalo ambiri nthawi imodzi. Mnofu wa pachipumi ndi wokhawo umene umakweza nsidze, kotero kuti ukafooketsedwa wonse nsidze zimatsika ndipo munthu amaoneka wotopa kuposa kale. Dokotala wodziwa ntchito amayamba wauza munthuyo kuti akwinye nkhope, akweze nsidze, kenaka amwetulire, uku akuyang'ana pamene mnofu ukukoka kwambiri ndi kuikapo timadontho ndi cholembera, ndipo amabaya pang'ono n'kumuuza kuti abwerenso pakatha milungu iwiri kuti aone ngati m'pofunika kuwonjezera. Mankhwalawa amayamba kugwira ntchito pakadutsa masiku 3 mpaka 5, ndipo mphamvu yake imatha pakapita miyezi 3 kapena 4. Akasefukira ku mnofu wokweza chikope, chikopecho chimagwa kwa milungu ingapo. Mayi woyembekezera kapena woyamwitsa sayenera kubayitsa, chimodzimodzinso munthu wodwala myasthenia gravis, matenda ofooketsa minofu. Makwinya amene amaoneka ngakhale nkhope ili phee, komanso masaya olendewera, jekeseniyu sangawachotse.

Funso: Mtsikana wina wogwira ntchito ku Johannesburg walemba kuti pa saluni imene amakonzetsa tsitsi pali munthu amene amabaya mankhwala okulitsa milomo ndi kudzaza masaya pamtengo wotsika kwambiri poyerekeza ndi wa kuchipatala, ndipo akufunsa ngati pali choopsa chilichonse, popeza anzake amene adabayitsa akuoneka bwino.

Yankho: Choopsa chilipo, ndipo pa mafunso onse amene afika, ili ndi limene likufunika kumvedwa bwino koposa. Mankhwala odzazira, amene madokotala amawatcha filler, ambiri mwa iwo amapangidwa ndi hyaluronic acid, chinthu chonanda chimene thupi limapanga lokha m'khungu, m'maso ndi m'malo olumikizira mafupa, ndipo ntchito yake ndi kusunga madzi. Mitundu yodziwika ndi Restylane, yomwe idayambira ku Sweden ndipo idavomerezedwa ku United States mu 2003, ndi Juvéderm, yomwe idavomerezedwa mu 2006. Mankhwalawa amakhala m'thupi miyezi 6 mpaka 18 malinga ndi mtundu wake ndi malo amene abayidwa, kenaka thupi limawasungunula pang'onopang'ono.

Nkhope ili ndi mitsempha ya magazi yambiri yolukanalukana, ndipo ina ya pamphuno ndi ya pakati pa nsidze imalumikizana ndi mtsempha umene umadyetsa diso. Singano ikaboola mtsempha n'kuthiramo mankhwala onandawa, magazi amatsekeka. Khungu la pamalopo limayera mwadzidzidzi, munthu amamva kupweteka koposa kwa jekeseni wamba, pakapita maola pamatuluka mawangamawanga odera, ndipo pakadutsa masiku ochepa khungulo limada n'kuwola, mwina kudyeka nsonga ya mphuno kapena mbali ya mlomo. Pakhungu lakuda kuyera koyambako sikuoneka msanga, ndipo ichi ndi chifukwa china chimene wobaya ayenera kukhala wa diso lophunzitsidwa. Mankhwalawo akabwerera ku mtsempha wa diso, munthu amachita khungu m'mphindi zochepa, ndipo nthawi zambiri saonanso. Ngoziyi siichitika kawirikawiri ndipo ikhoza kugwera ngakhale dokotala waluso, koma kusiyana kwake n'kwakuti dokotala amazindikira zizindikiro zake ndipo amakhala ndi hyaluronidase, mankhwala osungunula filler wa hyaluronic acid, amene ayenera kubayidwa m'maola oyambirira. Kuoneka bwino kwa anzake a mtsikanayu kukungosonyeza kuti singano idaphonya mtsempha pa tsikulo.

Nkhawa yachiwiri ndi ya chimene chili m'jekesenimo. Mtengo ukatsika kwambiri, m'pomveka kukayika kuti mankhwalawo ndi achinyengo, kapena kuti ndi silicone wamadzi ndi mafuta ena amene thupi silingathe kuwasungunula. Mbiri ya zimenezi ndi yakale, pakuti mu 1899 dokotala Robert Gersuny wa ku Vienna adayamba kubaya mafuta a paraffin m'thupi, njirayo idafalikira kwa okonza nkhope, ndipo patapita zaka anthu ambiri adatuluka zotupa zolimba zimene zidawononga nkhope zawo. Silicone amachitanso chimodzimodzi: amatha kukhala zaka osavuta, kenaka amayenda pansi pa khungu ndi kuyambitsa zotupa zimene sizichoka popanda kudula mnofu womwe. Mankhwala ofooketsa minofu nawonso amapangidwa achinyengo, ndipo mu 2024 anthu angapo ku United States adagonekedwa m'chipatala atabayidwa ndi anthu osaphunzira kapena ndi mankhwala osadziwika gwero lake. Lamulo loyenera kuligwira ndi lakuti chinthu chimene sichingachotsedwe chisalowe pankhope, ndipo munthu ali ndi ufulu woona bokosi la mankhwala likutsegulidwa pamaso pake, n'kulemba dzina lake ndi nambala yake. Ku South Africa wobayayo akhoza kufufuzidwa m'kaundula wa Health Professions Council of South Africa.

Funso: Bambo wina wa ku Chipata akufunsa ngati njirazi zimayenera anthu a khungu lakuda, popeza zithunzi zambiri zimene amaona ndi za azungu.

Yankho: Zimayenera, koma khungu lakuda limakalamba mwa njira yakeyake ndipo lili ndi zoopsa zake. Melanin, chinthu chimene chimadetsa khungu, amaliteteza ku dzuwa, motero makwinya ang'onoang'ono amachedwa kubwera, ndipo ukalamba umayamba kuonekera m'kuphwa kwa masaya, kuzama kwa mizere yochokera pamphuno kupita kumilomo, ndi kusiyana kwa mtundu wa khungu. Choopsa chachikulu ndi keloid, chipsera chofufuma chimene chimakula kupitirira bala lenilenilo, monga chimene chimaoneka pa makutu a atsikana ena akaboola ndolo. Popeza opaleshoni ya nkhope imadula kutsogolo ndi kumbuyo kwa khutu, munthu amene adatulukapo chipsera chotere, kapena amene abale ake ali nacho, ayenera kuuza dokotala asanagwirizane chilichonse. Chachiwiri ndi mawanga akuda amene amatsala pamene khungu latupa kapena lapsa, ndipo ichi chimavuta makamaka pogwiritsa ntchito laser ndi mankhwala osupula khungu popanda kusankha mphamvu yoyenera.

Apa m'pofunika kunenapo za mafuta oyeretsa khungu. Mafuta okhala ndi steroid wamphamvu monga clobetasol amapyapyalitsa khungu mpaka mitsempha kuonekera ndipo mabala amachedwa kupola, pamene hydroquinone wodzoledwa nthawi yaitali amabweretsa ochronosis, kuda kokhazikika kwa m'masaya kumene madokotala a ku South Africa adakufotokoza mu 1975 ndipo kumavuta kwambiri kuchiza. Khungu lotere siliyenera kuchitidwa opaleshoni yokongoletsa mpaka munthu atasiya mafutawo ndi kuonedwa ndi dokotala wa khungu. Komanso bambo amene masaya awo adalowa chifukwa chotha mano a m'kati angathandizidwe kwambiri ndi dokotala wa mano kusiyana ndi jekeseni aliyense.

Funso: Mayi wina wa zaka 58 wokhala ku Birmingham, amene amamwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi ndipo amasuta fodya, akuganiza zopita ku Istanbul kukachititsa opaleshoni yokweza nkhope, ndipo akuopa kubwerako ndi nkhope yokokeka.

Yankho: Nkhope yokokeka ndi chipatso cha njira yakale, imene inkangodula khungu ndi kulikokera kumakutu. Denga la udzu likabwafuka pakati, vuto limakhala pa mitengo ya m'kati, ndipo kukoka udzu wa pamwamba sikuliwongola. Mu 1976 Vladimir Mitz ndi Martine Peyronie a ku Paris adafotokoza chigawo cha minofu ndi ulusi chimene chili pansi pa khungu la nkhope, chodziwika ndi dzina lachidule lakuti SMAS, ndipo mu 1990 Sam Hamra wa ku Dallas adafalitsa njira yolowa pansi pa chigawochi n'kuchikweza pamodzi ndi mafuta a m'masaya. Chigawochi chikakwezedwa ndi kusokedwa pamalo pake, khungu limangoyalidwa popanda kulikoka, ndipo ndicho chimapatsa nkhope maonekedwe a munthu yemweyo ali wocheperako zaka. Njira yozamayi imadutsa pafupi ndi mtsempha umene umayendetsa minofu ya nkhope, ndipo ukavulala mlomo umapotoka kapena nsidze imagwa, nthawi zambiri kwa kanthawi koma mwina kwa moyo wonse.

Kwa mayiwa, zinthu ziwiri zimene atchula m'kalata ndi zolemera kuposa kusankha dziko. Vuto lofala kwambiri pa opaleshoniyi ndi kuunjikana kwa magazi pansi pa khungu, kumene kumachitika kawirikawiri m'maola 24 oyambirira ndipo kumakonda anthu a kuthamanga kwa magazi. Fodya amachepetsa magazi opita kukhungu lomwe lasendedwa, motero khungu la kumbuyo kwa khutu likhoza kufa, ndipo madokotala ambiri amafuna kuti munthu asiye kusuta milungu yosachepera 4 opaleshoni isanachitike komanso itachitika. Ku Istanbul kuli madokotala aluso, koma kutupa kumatenga milungu iwiri kapena itatu, ndipo mavuto ena amaonekera munthu atakwera kale ndege, pamene amene adamuchita opaleshoni ali kutali. Mayiwa asalipire ndalama asanalankhule ndi dokotala yemwe adzagwire mpeni, osati wotsatsa malonda, ndipo adziwiretu amene adzawasamalire akabwerera.

Funso: Kholo lina la ku Blantyre likufunsa ngati mwana wake wa zaka 17 angabayitse milomo.

Yankho: Asabayitse. Nkhope ya msinkhu umenewo ikukulabe, ndipo ku England kubaya mankhwala odzazira kapena ofooketsa minofu kwa munthu wosakwana zaka 18 pofuna kukongoletsa ndi mlandu kuyambira pa 1 Okutobala 2021. Mwana amene akudana ndi nkhope yake mpaka kusowa mtendere akufunika womumvetsera ndi womupatsa uphungu. Kuno ku Malawi madokotala a opaleshoni yokonza maonekedwe a thupi ndi ochepa, ndipo nthawi yawo yambiri imathera pa odwala akupsa ndi moto ndi ana obadwa ndi mlomo wong'ambika, choncho aliyense amene akulonjeza majekeseniwa m'nyumba kapena m'saluni ayenera kukayikiridwa. Omvera afunse ku Medical Council of Malawi ngati wobayayo adalembetsedwa, ndi ku Pharmacy and Medicines Regulatory Authority ngati mankhwalawo ndi ovomerezeka, asanalole singano kufika pankhope pawo kapena pa ana awo.