Kuwonjezera Mphamvu za Galimoto ndi Waranti Yake ku Dubai: Mafunso ndi Mayankho

Mwa abale athu amene ali ku Dubai alipo oyendetsa galimoto za mabwana awo, alipo amene anadzigulira zawozawo, ndipo aliponso amalonda amene amasankha galimoto pa msika wa Al Aweer ku Ras Al Khor kuti azitumize kwathu. Onsewa amakumana ndi galimoto zimene anthu azisintha kuti zizithamanga kopambana muyeso wa kufakitale, ndipo mafunso awo pa nkhaniyi ndi awa.

Kodi waranti ndi pangano lotani, ndipo amalisunga ndani?

Ndi lonjezo la wopanga galimoto lakuti ngati chitsulo china chawonongeka chifukwa cha kulakwa kwa kufakitale, adzachikonza kapena kuikapo china popanda malipiro, kufikira zitakwana zaka kapena makilomita amene analembedwa, kawirikawiri zaka 3 kapena makilomita 100,000, ngakhale ogulitsa ena amafikitsa zaka 5. Ku Dubai mtundu uliwonse wa galimoto uli ndi kampani yoimirira wopanga: Al-Futtaim Motors ndiyo ya Toyota ndi Lexus, Arabian Automobiles ya Nissan, Gargash ya Mercedes-Benz, AGMC ya BMW, ndipo Al Nabooda Automobiles ya Audi, Volkswagen ndi Porsche. Kampani yotereyi ikakonza galimoto pa waranti, imatumiza mtengo wa ntchitoyo kwa wopanga, ndipo wopanga akakana kulipira, chimtolocho chimatsalira iyo yomwe. N'chifukwa chake amakanika ake, asanamasule ngakhale bawuti imodzi, amayamba afufuza ngati galimotoyo ikadali monga inatulukira kufakitale.

Ndikasintha chinthu chimodzi, kodi waranti yonse yatha?

Nthawi zambiri iyayi. Chimene chimagwa m'panganolo ndi chitsulo chimene mwasinthacho, pamodzi ndi china chilichonse chimene chingawonongeke chifukwa cha icho. Munthu amene wakweza Land Cruiser yake ndi masipuling'i aatali, naikapo matayala aakulu oyendera mumchenga, asadabwe akamukana pamene mabeyaring'i, maekiselo kapena zitsulo za chiwongolero zayamba kulira. Koma wayilesi ikafa, kapena galasi la pachitseko likaleka kukwera, ali ndi chifukwa chomveka chofunsira kuti amukonzere, pakuti tayala silikhudzana ndi wayilesi. Komabe tiyenera kunena poyera kuti zosintha zowonjezera mphamvu zimagwira injini, tebo ndi giyabokosi, ndipo izi ndizo zokwera mtengo koposa m'galimoto yonse, kotero kuti munthu angatsale ndi waranti ya magalasi ndi mipando atataya ya chinthu chimene anaigulira. Kabuku ka waranti kamene kamakhala m'kabokosi ka kutsogolo kawerengeni musanapite kugalaja, popeza opanga ena amalemba mawu otambalala kuposa anzawo.

Nanga kusintha kompyuta ya injini kuli ndi vuto lanji, popeza palibe chitsulo chimene chachotsedwa?

Funso ili ndilo mutu wa nkhani yonse, ndipo tilifatsire. M'magalaja a ku Al Quoz ntchito imeneyi amaitcha remap, ndipo siichedwa: galimoto amaikweza pa zigubu zachitsulo zozungulira, naimanga ndi malamba, mmisiri nkulumikiza laputopu yake pa kabowo ka pansi pa chiwongolero, ndipo injini ikabangula kangapo, mwini wake amapatsidwa pepala la mizere iwiri, wapansi wosonyeza mphamvu zakale ndi wapamwamba wosonyeza zatsopano. Pepalalo silinama, mphamvuzo ziliko ndithu. Chofunika kufunsa n'chakuti zachokera kuti.

Akatswiri opanga injini, podziwa kuti galimoto yawo idzayendetsedwa ndi ofatsa ndi aphuma omwe, idzathiridwa mafuta abwino ndi osakhala bwino, ndiponso idzakumana ndi chisanu ndi dzuwa loswa mtengo, saifikitsa pa malire a mphamvu zake, koma amasiya mpata woti iziwiringulira tsiku lovuta. Mpata umenewu uli ngati chimanga chimene mwini banja wanzeru amasiya pansi pa nkhokwe, osati chifukwa chakuti sakuchifuna lero, koma chifukwa chakuti chaka cha chilala chidzafika. Ndipo mmisiri wa remap, pokweza mphamvu ya tebo ndi kusintha nthawi imene moto umayakira m'masilinda, amatapa chimanga chimenecho nkuchiika pa mbale ya lero. Ku dziko lozizira mwina injini ingapirire zaka zambiri chotero. Ku Dubai, kumene m'miyezi ya Julaye ndi Ogasiti kutentha kumafika madigiri 45, chilalacho chimabwera chaka ndi chaka, ndipo ndicho chifukwa chake galimoto zopangidwira maiko a ku Gulf, otchedwa a GCC, zimabwera ndi zoziziritsira zamphamvu kuposa zopita kwina. Onjezanipo kuyenda m'milu ya mchenga ya ku Lahbab kapena Al Qudra, kumene injini imalira kwambiri pamene galimoto ikuyenda pang'onopang'ono ndipo mphepo yolowa mu rediyeta ndi yochepa; onjezaniponso tsiku limene mnyamata wa pa filing'i sitesheni wathira petulo wa Special 95 m'galimoto imene inasinthidwa kuti izimwa Super 98. Pamenepo mafuta amaphulika nthawi yake isanakwane, pisitoni imang'aluka, kapena mafuta a mu giyabokosi amapsa, ndipo wopanga akanena kuti iye sanalonjeze za injini yotere, ife tiona kuti wanena chilungamo. Walira mvula walira matope.

Kodi sindingabwezeretse zonse monga zinalili ndisanapite kwa ogulitsa?

Ambiri amalangizana chotero, koma ndi uphungu wosapindula. Kompyuta za galimoto zamakono zimasunga mbiri yake: zambiri zimawerenga kuti zalembedwa kangati, ndipo zimakumbukira mphamvu ya tebo ndi liwiro la injini zimene zinafikapo. Ku Audi ndi Volkswagen kuli chizindikiro chotchedwa TD1, chimene chimalembedwa pa nambala ya chasisi m'makompyuta a wopanga pamene makina awo azindikira kuti pulogalamu ya injini inasinthidwa, ndipo chikalembedwa chimaitsata galimotoyo ngakhale itagulitsidwa kwa munthu wina wosadziwa kanthu. Ngakhale makina akadapanda kuona, kubisa kotere n'kufuna kuti wina alipire chimene mwawononga inu, ndipo munthu woopa Mulungu sayenera kuyenda njira imeneyo.

Ndinamva kuti lamulo limaletsa ogulitsa kukana waranti chifukwa cha zitsulo zogula kwina. Kodi si zoona?

Amene amanena zimenezi kawirikawiri amakamba za lamulo la ku United States, Magnuson-Moss Warranty Act la 1975, limene limaletsa wopanga kukakamiza wogula kugwiritsa ntchito zitsulo za kampani yake yokha kuti waranti ikhalepo. Lamulo limenelo mphamvu yake imathera m'malire a dziko lakelo, ndipo ngakhale komweko siliteteza munthu amene kusintha kwake ndiko kwaononga injini. Ku United Arab Emirates, dziko limene kuli Dubai, wogula amatetezedwa ndi lamulo la nambala 15 la 2020, limene malangizo ake a kagwiritsidwe ntchito anatuluka mu 2023, ndipo limafuna kuti wogulitsa akwaniritse waranti imene anapereka. Tsono ngati akukanani pa chinthu chimene mukukhulupirira kuti sichikhudzana ndi zimene munasintha, pemphani kuti chifukwa chawo achilembe pa pepala, sonkhanitsani malisiti onse a sevisi, ndipo kadandauleni ku Department of Economy and Tourism ya Dubai kapena ku unduna wa zachuma wa dzikolo. Mlandu wotere umaweruzidwa ndi mapepala, ndipo wofika chimanjamanja, ndi mawu apakamwa okha, sapita nawo patali.

Boma likandilola kusintha galimoto, kodi waranti siibwerera?

Awa ndi makomo awiri osiyana. Chilolezo cha Roads and Transport Authority, bungwe loona za misewu ku Dubai, chimatsimikiza kuti galimoto iyenera kuyenda pamsewu. Pangano lanu ndi wopanga sichilikhudza. Koma chilolezocho musachipeputse, pakuti wosintha injini kapena chasisi popanda icho amalipira chindapusa cha madirham 1,000, amalembedwa mapointi akuda 12, ndipo galimoto imasungidwa kupolisi masiku 30. Waphokoso la ekizozi amalipira madirham 2,000, ndipo chiyambire 2023 ku Dubai kuwombola galimoto yogwidwa chifukwa cha zosintha zowonjezera liwiro kapena phokoso kungafike madirham 10,000. Galimoto ikapitirira zaka 3 imayesedwa chaka chilichonse m'malo onga Tasjeel isanapatsidwe mulkiya watsopano, ndiye khadi la kalembera wa galimoto, ndipo zosintha zopanda chilolezo zimaonekera pamenepo. Akampani ya inshulansi nawonso muwauze, chifukwa ngozi ikagwa iwo atabisidwa kanthu, angapeze pokanira.

Kodi ilipo njira yokhalira ndi mphamvu ndi waranti pamodzi?

Ilipo, koma ndi yolira ndalama. Opanga ali ndi nthambi zawozawo za galimoto zaliwiro, monga Nismo ya Nissan, imene Patrol yake inaonetsedwa koyamba ku Dubai komweko mu 2015, kapena M Performance ya BMW. Ndipo chitsulo chovomerezedwa ndi wopanga, choikidwa ndi kampani yomuimirira, chimakhala m'kati mwa pangano malinga ngati zalembedwa pa lisiti. Magalaja ena amapereka waranti yawoyawo pa ntchito imene agwira, koma funsani ngati ikukhudza chitsulo chawo chokha kapena injini yonse, pakuti safunsa anadya phula. Dziwaninso kuti timabuku ta waranti timachotsamo zowonongeka pa mpikisano, kotero kuti wopita kukapikisana ku Dubai Autodrome apite akudziwa kuti thumba lake ndilo lidzayankha. Ife uphungu wathu kwa m'bale wogwira ntchito ya malipiro a pamwezi, amene ali ndi ana a sukulu kumudzi ndiponso ngongole ya kubanki pa galimoto yomweyo, ndi wakuti aileke injini monga ilili kufikira waranti itatha ndi ngongole itabwezedwa.

Nanga wogula galimoto yakale kuti aitumize ku Malawi achenjere ndi chiyani?

Choyamba adziwe kuti waranti imaperekedwa pa dera lake, ndipo yolembedwera maiko a GCC asayembekeze kuti idzagwira ntchito ku Lilongwe kapena ku Blantyre pokhapokha oimirira wopanga kwathu atavomera mwa kalata. Chachiwiri, ku Dubai amayenda kudzanja lamanja ndipo chiwongolero chili kumanzere, pamene kwathu n'zosemphana. Galimoto imene chiwongolero chake chasamutsidwa m'galaja yasinthidwa kwakukulu kuposa zonse tatchulazi, ndipo palibe wopanga amene angaiyankhire. Musanalipire, itengereni kwa makanika wosakhala mnzake wa wogulitsayo, aikweze m'mwamba, aone ngati ekizozi inadulidwa ndi kuwotcherera, ngati sefa ya utsi ikadalipo, ngati mabawuti a pa tebo ali ndi zipsera za sipanala, ndipo alumikize makina ake pa kompyuta ya injini. Ikapezeka kuti inasinthidwa kuti izimwa Super 98, lingalirani za mafuta amene idzamwe pa ulendo wochokera ku doko la Dar es Salaam kudzera pa Songwe, ndi amene muzidzaithira masiku onse kwathu, ndipo mtengo wobwezeretsa injini mwakale muuchotse pa ndalama imene wogulitsa akutchula.