Firiji yafa, ngongole zafika m'khosi

Zikomo Azakhali,

Ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala pa Ntaja m'boma la Machinga. Bambo a kunyumba ali ku Joni ndipo chaka chino sanatumizeko kalikonse. Chimene chimatidyetsa ndi firiji. Ndimapanga mafirizi ndi thobwa lozizira n'kumagulitsa pasiteji ndi pamsika.

Mwezi watha firijiyo inayamba kuvuta. Ikangoyaka imalira pang'ono, n'kumveka kuti "tha", kenako zii, mafirizi osauma. Apa n'kuti ndili kale ndi ngongole ku banki m'khonde, ndipo pofuna kutseka kumeneko ndinakatenga K200,000 ya katapila, chiwongoladzanja chake 50 peresenti pamwezi. Amayi a kugulu akuti adzanyamula katundu, wakatapila naye sakundipatsa mpata. Mnzanga akuti nditenge ngongole ina m'dzina la mng'ono wanga, ndigule firiji yatsopano, ndikaibise kwa aneba. Tulo ndilibe. Ndichite bwanji?

Mayi wosowa mtengo wogwira,
Ntaja

Mayi anga,

Pepani ndi zonsezi. Koma ndiyambe ndi mawu owawa: nzeru ya mnzanuyo itayeni lero lomwe. Ngongole ya m'dzina la mng'ono wanu ikadzavuta, adzalandidwe katundu ndi iyeyo, ndipo pamwamba pa umphawi mudzaonjezerapo udani wa pachibale. Za kubisa firijizo, pa Ntaja palibe chinsinsi. Tsiku limene amayi a kugulu adzazimve, adzasiya kukuonani ngati mnzawo amene zamuvuta n'kuyamba kukuonani ngati wakuba.

Tawerengani nokha. Katapila wa K200,000 pa 50 peresenti akufuna K100,000 mwezi uliwonse, ngongole yeniyeniyo musanaikhudze n'komwe. Kodi ndi mafirizi angati amene mungagulitse kuti phindu lokha lifike pamenepo? Kumbukiraninso kuti malonda anuwa ali ndi nyengo. Amayenda bwino mu Okutobala ndi Novembala dzuwa likamaswa mtengo, koma mu Juni ndi Julayi anthu safuna zozizira. Ngongole yokha ndiye ilibe chisanu. Komanso chiyambire pamene kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, katundu wochokera kunja ngati mafiriji anakwera mtengo kwambiri. Yatsopano si ya msinkhu wanu pakali pano.

Ndipo ndani wakuuzani kuti firiji yanu yafa? Kulira pang'ono n'kuzima kumene mukunenaku nthawi zambiri kumachokera pa kachipangizo kakang'ono kamene kamadzutsa kompuresa, okonza amakatcha relay. Kamakonda kupsa magetsi akazima n'kubwera mwamphamvu, ndipo mtengo wake ndi wochepa. Itanani wokonza amene anzanu ochita geni amamukhulupirira, aione inu muli pomwepo, akuuzeni mtengo asanamasule kalikonse. Akanena kuti gasi watha, mufunseni kuti akutulukira pati, chifukwa kuthira gasi osatseka pobowoka n'kungotaya ndalama. Onaninso labala wa pachitseko ngati akugwirabe. Akapeza kuti kompuresa yeniyeniyo yapsa, musathamange: yerekezani mtengo wokonzetsa ndi wa firiji yogwiritsidwapo kale ntchito ku Liwonde kapena ku Zomba. Yoteroyo musalipire musanaione ikuumitsa madzi, ndipo mukafika nayo kunyumba iime chilili maola angapo musanaiyatse. Ikadzachira, magetsi akazima muzizula pulagi, n'kudikira kanthawi akabwera.

Pakali pano geni isaime. Pemphani malo mufiriji ya mnzanu, muzimulipira pang'ono patsiku. Thobwa limagulika ngakhale lisanalowe mufiriji, ndipo pambali pake mukhoza kuikapo zitumbuwa.

Tsono ntchito yaikulu ili kwa anthu amene muli nawo ngongole. M'dziko muno muli lamulo lokhudza olephera kubweza ngongole, la Insolvency Act la 2016, koma nkhani zake zimakathera ku Khoti Lalikulu, kumene kumafuna maloya ndi ndalama. Zanuzi zikhoza kutha pamphasa. Musadikire kuti amayi a kugulu akupezeni pakhomo. Pitani nokha kumsonkhano, mufotokoze zonse, ngakhale za katapila zomwe. Pemphani kuti aimitse chiwongoladzanja, masheya anu adulepo, yotsalayo muzipereka pang'onopang'ono sabata iliyonse. Lonjezani ndalama imene mungathedi, ndipo zilembedwe m'buku la gulu. Auzeninso kuti akanyamula firiji, anyamula khasu limene mukanalimira ndalama zawo.

Kwa wakatapila musapite nokha. Tengani ankhoswe kapena mukakambirane pamaso pa amfumu, mugwirizane ndalama imodzi yomaliza imene sidzaberekanso, ndipo ndalama iliyonse imene mwapereka azikusainirani. Dziwani kuti makhoti ali ndi mphamvu younikanso ngongole imene chiwongoladzanja chake n'chopyola muyeso. A Legal Aid Bureau amathandiza anthu osowa pa nkhani za malamulo, ndipo akayamba kukuopsezani kapena kulowa m'nyumba mwanu mwachiwawa, kanenani kupolisi.

Nawo abambo a ku Joniwo asakhale chete ngati ana ndi a inu nokha. Ankhoswe a mbali zonse ziwiri awaimbire foni, amve mmene zinthu zilili, anene chimene angathe.

Manyazi musawapatse malo, mayi. Kugwa pa geni si mlandu, ambiri amene mukuwaona akuyenda bwino pamsikapo anadutsamo. Sabata ino chitani ziwiri: itanani wokonza firiji, ndipo kaonekereni kugulu. Ngongole yachitatu ndiye ayi.

Ndine wanu,
Azakhali