Azakhali: Adokotala Anga Akukana Inshulansi

Azakhali,

Amuna anga ndi dokotala. Masana amagwira ntchito pachipatala cha boma, madzulo amaona odwala pakiliniki yathu yomwe tinatsegula ndi ngongole. Kunabwera anthu kudzawatsatsa inshulansi yowateteza akalakwitsa pochiza munthu, koma anawabweza, amvekere dzanja lawo silinaphonyepo. Ndalamayo akuti agulire galimoto. Ndiwasiye?

Mayi wodandaula, Lilongwe

Mwana wanga,

Dzanja losaphonya? Apongozi angawa, omwe tsiku la ukwati wanu ankakuveka mphete kudzanja lamanja mpaka abusa kuwanong'oneza? Ndiseke ine.

Sindikuti ndi dokotala wosadziwa ntchito, ayi. Amene amaiwala kathonje m'mimba mwa munthu, kapena kulemba mamiligalamu 50 m'malo mwa 5, kawirikawiri ndi katswiri yemweyo, atatopa. Munthu wachezera mu wodi, m'mawa wazungulira odwala ogona mpaka pansi, madzulo ali pakiliniki maso ali psuu. Pamenepo pensulo imaterereka yokha.

Tamvetsera pomwe pagona nkhani. Zikalakwika kuchipatala cha boma, odandaula amasumira boma, ndipo kukhoti kumapita maloya a ofesi ya Attorney General. Ambulera imeneyo imathera pageti. Akangolowa m'kiliniki yanu, mlandu ndi wawo, chipukutamisozi n'chochokera m'thumba mwawo, loya n'kudzilipirira okha. Ndalama zikasowa, masherifi sabwera kudzamwa tiyi. Amalemba filiji, mipando ya pabalaza, makina osokera aja unagula ndi ndalama ya banki nkhonde, ndipo galimoto yatsopanoyo ndiye imatsogola. Ngongole ya kiliniki nayo ili pomwepo, ikudikira.

Milandu yake sichedwa kukula. Mwana akavulala ubongo pobadwa, khoti limawerengera chisamaliro cha moyo wake wonse. N'chifukwa chake ku South Africa madokotala a amayi oyembekezera a m'zipatala zolipira anafika polipira pafupifupi R1 miliyoni pachaka ya inshulansi yokha, ena mpaka kusiya kubereketsa. Ku Britain, kuyambira 2014, lamulo sililola dokotala kugwira wodwala alibe chitetezo choterechi. Kodi onsewo ndi a manja onjenjemera?

Ganiziranso mayi wa mwana wovulalayo. Wawina mlandu, pepala lili m'manja, koma dokotala alibe kanthu. Adzadya pepala? Ine chimene chimandipweteka kwambiri n'chimenechi.

Tsono pita nawo limodzi kukampani ya inshulansi, usawatume okha, angabwere ndi makiyi a galimoto. Mukafunse zolunjika: kodi ikuphimba namwino ndi dokotala wa ganyu? Nanga mlandu wotulukira patapita zaka, mwina atatseka kiliniki? Malire a ndalama ndi angati? Kodi amalipira loya akaitanidwa ku Medical Council of Malawi? Uwakumbutse kuti bungwe limenelo likalanda chiphaso, palibe kampani ingawabwezere. Choncho mafayilo a odwala azilemba bwinobwino, osati zilembo zawo zija zosawerengeka ngakhale ndi eni ake, ndipo wodwala azisayina atafotokozeredwa m'Chichewa, osati kumuopseza ndi Chingerezi.

Nkhaniyi usaiyambe ali ndi njala. Aphikire chambo, adye, asambe m'manja, ndiye uwafunse kuti nyumba mukukhalayo ili m'dzina la ndani. Akakakamirabe za galimoto, abwere kuno Loweruka. Asaiwale makina oyezera BP, yanga yakwera ndi kalata yakoyi.

Azakhali ako