Usipa Uyambe Wafika M'mbale ya Mwana

Ana anga, inu amene mwangobereka kumene, khanda likamalira usiku apongozi adzati mkaka sukulikwana, lipatseni kaphala. Ayankheni mwaulemu, koma musalipatse. Kufikira miyezi 6 chakudya chake ndi bere basi. Ngakhale madzi ayi, kutenthe chotani kunyanja kuno mu Okutobala, pakuti madziwo ali kale mumkakamo. M'mimba mwake mukadali mwanthete, ndipo matenda otsegula m'mimba amalowera pa kasupuni komweko.

Miyezi 6 ikakwana musazengerezenso, ndipo apa m'pamene ambiri ku Nkhata Bay kuno timaphonya. Ndife anthu a kondowole, ufa wapafupi ndi wachinangwa. Phala lake limakhutitsa, mwana amagona tulo, mayi n'kumati zili bwino. Koma chinangwa chilibe zomanga thupi zokwanira. Mukapita kusikelo, mzere wa m'buku la mwana umangoyenda chogona, osakwera. Kafukufuku wa 2015-16 adapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu m'Malawi muno anali opinimbira.

Chikhalirecho chomangira thupilo timachiyanika tokha pathandala n'kuchikweza galimoto ya ku Mzuzu. Ndikunena usipa. Ukazingeni pang'ono, usinjeni ndi mitu yomwe, musefe kuti minga isatsale, muthire supuni imodzi m'phala la mgaiwa. Mawa nsinjiro, mkuja dzira, tsiku lina chigwada chosinja ndi chophika mpaka kupsa, kapena peyala ndi nthochi zopotapota. Likuni Phala ndi wabwino ngati ndalama ilipo, koma musadandaule ikasowa. Phalalo likhale lolimbirapo, loti mukapendeketsa supuni lisayenderere. Lamadzimadzi limangodzaza kamimba.

Yambani ndi masupuni awiri kapena atatu, kawiri kapena katatu patsiku. Akafika miyezi 9, katatu kapena kanayi. Akalavula si kuti wakana, lilime likuphunzira. Yesaninso mawa, osamutsina mphuno ngati mmene ankachitira ena kale. Akhale ndi mbale yakeyake kuti muone chimene wadya, ndipo musambe m'manja ndi sopo, inu ndi iye yemwe. Tiyi ndi tizakudya totsekemera tam'mapaketi musamuzoloweze. Uchi udikire akwanitse chaka. Bere lisalekeke mpaka zaka ziwiri kapena kupitirira apo.

Nanu abambo, mukakocheza m'mawa, musanayambe kutsatsa malonda, patulani kambale ka mwana.