Lole Yotchedwa Jimmy

Ambiri a inu munaonapo lole itatitimira m'matope nthawi ya dzinja. Matayala akumbuyo amangozungulira pamodzimodzi, akutsogolo ali duu, mpaka anthu atatsika kuti akankhe. Pa Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse, imene inamenyedwa kuyambira 1939 mpaka 1945, vuto lotere linali loopsa. Lole ikatitimira, asilikali ankagona ndi njala, ndipo mfuti zawo zinkasowa zipolopolo.

M'chaka cha 1941 kampani ya General Motors ya ku America inayamba kupanga lole yosaopa matope yotchedwa GMC CCKW. Dzinali linali lovuta kutchula, motero asilikali ankangoti Jimmy. Pofika 1945 malole amenewa anali atapangidwa oposa 500,000.

Jimmy sinali yokongola, koma inali yolimba. Inali ndi matayala 10: awiri kutsogolo, ena onsewo kumbuyo, oikidwa awiriawiri. Ikafika poterera, woyendetsa ankakoka chitsulo china, ndipo mphamvu ya injini inkafikanso ku matayala akutsogolo. Apo matayala onse ankathandizana kukoka, ngati anthu olima dima. Injini yake inali ya petulo, ndipo liwiro lake lalikulu linali makilomita 72 pa ola. M'njira zoipa inkanyamula katundu wolemera ngati matumba 45 a chimanga a makilogalamu 50; pamsewu wabwino inkatha kusenza kawiri kuposa pamenepo. Zitsulo zitayamba kusowa, denga la woyendetsa linasanduka la tenti, ndipo kumbuyo kokhala katundu ankakhoma ndi matabwa.

Ntchito imene inatchukitsa Jimmy inachitikira ku France. Mu June 1944 asilikali a America, Britain ndi Canada anafika pagombe la Normandy, ndipo patapita milungu ingapo anayamba kupirikitsa asilikali a Germany. Anathamanga kwambiri kotero kuti petulo ndi chakudya zinatsalira kutali kugombe. Njanji zinali zitaphwanyidwa ndi mabomba. Nanga katunduyo akanafika bwanji?

Pa 25 August 1944 akuluakulu a nkhondo anayambitsa ulendo wa malole wotchedwa Red Ball Express. Anapatula misewu iwiri, wina wopitira, wina wobwererera, naika zikwangwani zokhala ndi chizindikiro chofiira chozungulira. Magalimoto a anthu wamba sankaloledwa kudutsamo. Nthawi ina malole pafupifupi 6,000 anali pantchitoyi, ambiri mwa iwo a Jimmy, akuyenda usana ndi usiku.

Oyendetsa ankakhala awiri m'lole imodzi kuti azilandizana. Usiku ankayenda ndi timagetsi tosawala kwenikweni poopa kuonedwa ndi adani. Lamulo linkati asapitirire makilomita 40 pa ola, koma ambiri sankalisunga, podziwa kuti anzawo kutsogolo akudikira. Tulo tinali mdani wamkulu: ena ankasinza ali pachiwongolero nagwera m'ngalande.

Mwa oyendetsa anayi alionse, atatu anali anthu akuda a ku America. Masiku amenewo m'gulu lankhondo la dzikolo munali tsankho, ndipo anthu akuda ambiri ankapatsidwa ntchito zonyamula katundu, zimene ena ankaziyesa zapansi. Komatu pamene ulendowu unkatha pa 16 November 1944, anali atafikitsa katundu woposa matani 400,000.

Nkhondo itatha, malole ambiri anatsala ku Ulaya, kumene ena anagwira ntchito yotuta mitengo ndi yozimitsa moto. Lero ena akusungidwa m'nyumba zoonetseramo zinthu zakale.

Mafunso

1. Kodi Jimmy inkadutsa bwanji m'matope?
2. Chifukwa chiyani denga lake linasinthidwa kukhala la tenti?
3. Fotokozani mavuto awiri amene oyendetsa ankakumana nawo.
4. Pangani ziganizo ndi mawu awa: titimira, pirikitsa, landizana, tsankho.