Kuteteza Kompyuta ku Fumbi Pokonza Kayendedwe ka Mpweya

Kuyambira mwezi wa Meyi kufikira Okutobala, fumbi limakhala paliponse. Mphepo ya mwera imaliuluza mu Juni ndi Julayi, ndipo m'chilimwe misewu yadothi imaliwirikiza. Ambiri amapukuta tebulo ndi galasi la kompyuta, koma saganizira fumbi lomwe likuunjikana m'kati mwa bokosi lake. Komatu kusukulu, ku ofesi ya m'dera kapena m'kashopu kotayipa makalata, kompyuta imodzi ikafa, ntchito za anthu ambiri zimaima ndipo ndalama zokonzetsera sizipezeka msanga.

Chifukwa chake fumbi limawononga

Kompyuta ya patebulo ikamagwira ntchito imatentha, makamaka purosesa. Pofuna kuiziziritsa, m'bokosi mumakhala mafani: ena amakoka mpweya wozizira, ena amatulutsa wotentha. Fumbi limalowa limodzi ndi mpweyawo n'kumatirira pa timapiko ta fani ndi pa chitsulo cha timizere chomwe chimachotsa kutentha pa purosesa. Likachuluka limakhala ngati bulangete. Mapurosesa ambiri akayandikira madigiri 100 amachepetsa okha liwiro, ndipo kutentha kukapitirira kompyuta imazima. Choncho kompyuta yomwe yayamba kulira kwambiri, kuchedwa kapena kuzima yokha masana iyenera kuyang'anidwa kaye ngati yadzaza fumbi.

Wolowa uchuluke kuposa wotuluka

Bokosi la kompyuta lili ndi timipata tambiri, kumbuyo ndi m'mbali. Mafani otulutsa mpweya akaposa okoka, bokosi limayamwa mpweya wotsalawo kudzera m'timipatato, ndipo fumbi limalowa popanda choletsa. Koma okoka akaposa otulutsa, mpweya umachuluka m'kati n'kumatulukira m'timipata tomweto, fumbi n'kusowa polowera. Wokonza njinga amazidziwa bwino zimenezi: chubu chopopa akachimiza m'beseni, pobooka pamatuluka thovu, ndipo madzi salowa malinga ngati mpweya ulimo.

Motero bokosi likakhala ndi malo a mafani atatu, awiri aikidwe kutsogolo kuti azikoka, imodzi kumbuyo chakumwamba kuti izitulutsa, pakuti kumeneko n'kumene kumasonkhana mpweya wotentha. Mafani ofala masiku ano ndi a mamilimita 120, pamene mabokosi akale ambiri ali ndi a mamilimita 80. Mafani ambiri ali ndi timivi m'mphepete tosonyeza komwe mpweya ukupita. Timivi tikasowa, mpweya umatulukira mbali yomwe kuli timitanda togwirizira mota.

Chofunika kwambiri n'chakuti kutsogolo kwa fani iliyonse yokoka kukhale sefa ya timabowo ting'onoting'ono. Popanda sefa, mafaniwo ndiwo amasanduka khomo la fumbi. Komanso sefa imachepetsako mphamvu ya mpweya, n'chifukwa chake okoka ayenera kuposa otulutsa.

Kuyesa n'kosavuta. Kompyuta ili chiyakire, munthu aike kapepala kopyapyala pa kampata ka kumbuyo komwe kulibe fani. Kakakankhidwira kunja, zinthu zili bwino. Kakamatirira, ndiye kuti bokosi likuyamwa fumbi.

Kasamalidwe ka tsiku ndi tsiku

Bokosi lisakhale pansi, chifukwa fumbi lambiri limatimbirira komweko. Likhale patebulo, kutali ndi zenera loyang'ana kumsewu, ndipo kumbuyo kwake kusagunde khoma. Wosesa ayambe wawaza madzi pansi, kapena akolope. Kuphimba kompyuta ndi nsalu n'kwabwino ikakhala yozima, koma kuiphimba ikuyaka n'kuitsekera mpweya. Ena amachotsa chivundikiro cha m'mbali poganiza kuti izizizira bwino, koma kutero kumasokoneza njira ya mpweya ndipo sefa imakhala yopanda ntchito.

M'nyengo ya fumbi sefa iziyang'anidwa kawirikawiri. Ikada ichotsedwe, ikutumulidwe kapena kutsukidwa, ndipo ibwezeredwe itaumiratu. Poyeretsa m'kati, kompyuta izimitsidwe, chingwe cha magetsi chizulidwe, kenaka bokosi litulutsidwe panja. Fumbi lichotsedwe ndi chopemerera mpweya wouma kapena kaburashi kofewa, osati nsalu yonyowa. Popemerera, timapiko ta fani tigwiridwe ndi chala kuti tisazungulire mopitirira muyeso. Kabokosi kogawa magetsi, komwe chingwe chimalowera, kasatsegulidwe ndi munthu wosaphunzira ntchitoyi, chifukwa kamasunga mphamvu ya magetsi ngakhale chingwe chitazulidwa.

Makomiti a sukulu ndi a chitukuko omwe ali ndi makompyuta angachite bwino kusankha munthu mmodzi woyang'anira zimenezi ndi kulemba m'kaundula tsiku lililonse loyeretsa. Fani ndi sefa n'zotsika mtengo poyerekeza ndi kompyuta yatsopano, ndipo nthawi yabwino yoziika ndi pamene mvula yangotha kumene.