Wodwala kolera akazizira manja, musataye nthawi kusaka mapilisi

Amayi ndi abambo muli kuno kumsasa, ndikamayenda m'matenti ndimamva funso ili kawirikawiri: "Mwanawe, ulibe kapilisi kokweza tensau? Agogo afooka, manja azizira." Kapilisi kotero ndilibe, ndipo ngakhale ndikadakhala nako sikakadawadzutsa agogowo.

Tensau, imene ena amati BP, ndi mphamvu imene magazi amayendera m'mitsempha. Gawo lalikulu la magazi ndi madzi. Kolera ikavuta, munthu wamkulu amatha kutaya madzi okwana lita imodzi pa ola, chimbudzi chake chili ngati madzi otsukira mpunga. Magazi amachepa, mtima n'kumangogunda mofulumira wopanda chokankha. Taganizirani mjigo umene pansi pake paphwa: ngakhale mupope anthu atatu, madzi satuluka. Chofunika n'kubwezera madzi ndi mchere zimene zatayika. Komanso munthu akafika pamenepa, m'mimba mwake magazi safikamo okwanira, ndiye pilisi limangokhala osalowa m'thupi, mwinanso amalisanza.

Zizindikiro zoti wodwala wafika poopsa ndi izi: maso alowa m'kati, manja ndi mapazi zazizira, zala zakwinyika ngati wachapa tsiku lonse, mawu aphwa, sakukodza. Mukatsina khungu la pamimba limachedwa kubwerera. Akuwodzera, kapena akulephera kumwa. Mukaona chimodzi mwa izi, munyamuleni pompo kupita ku CTC, tenti yothandizira odwala kolera, kaya ndi usiku. Osadikira kuti kuche. Kumeneko amamuika soro, dripi ija yolowa m'mitsempha, ndipo anthu amene adabwera atanyamulidwa amatha kudzuka n'kukhala tsonga pakangopita maola ochepa.

Koma ntchito imayambira kunyumba, atangotsekula koyamba. Sungunulani paketi imodzi ya SRO mu lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira Certeza. Musagawe paketi pawiri kuti ikhalitse, ndipo musathiremo shuga wina. Mwana wosakwana zaka 2 mumpatse pafupifupi theka la kapu yaing'ono nthawi iliyonse akatsekula, wa zaka 2 mpaka 9 kapu imodzi, wamkulu amwe mmene angathere. Akasanza, dikirani mphindi 10, muyambirenso pang'onopang'ono ndi supuni. Apa m'pamene ambiri timagwa ulesi n'kumati "akungosanza basi", chonsecho ena mwa madziwo amatsalira m'thupi. Woyamwa apitirize kuyamwa. Zotsala zikatha maola 24 tayani, mukonze zina. Paketi ikasowa, mu lita imodzi ya madzi abwino thirani masupuni a tiyi 6 a shuga osasefukira ndi theka la supuni ya tiyi ya mchere. Tengani botolo, muzimumwetsa panjira. Koma amene wakomoka musamuthire kanthu m'kamwa, angatsamwe, mugonekeni chammbali.

Mapilisi oletsa kutsekula amene amagulitsidwa pamsika asiyeni. Doxycycline amaperekedwa ndi anamwino kwa amene adwala kwambiri, ndipo amangofupikitsa matenda, salowa m'malo mwa madzi. Ana amapatsidwanso zinki kwa masiku 10 mpaka 14. Ngati wodwalayo amamwa kale mapilisi a tensau yokwera, makamaka okodzetsa aja, musamumwetse pamene wafooka chonchi chifukwa amatsitsiratu tensau. Atengeni, mukawaonetse anamwino.

Tensau imathanso kugwa popanda kolera, tizilombo tikafalikira m'thupi kuchokera pabala, m'chifuwa, kapena mwa mayi amene wangochira kumene. Munthu amatentha thupi kapena kuzizidwa kwambiri, amapuma mofulumira, mutu n'kusokonekera. Apanso chithandizo chenicheni si pilisi la pakhomo. Kuchipatala amamuika soro, amamubaya mankhwala opha tizilombo, ndipo tensau ikakanabe kukwera pali mankhwala ngati noradrenaline amene amadontheza m'mitsempha, madokotala akuyang'anira.

Ponyamuka tengani nsalu zosinthira ndi khadi la kuchipatala ngati lidapulumuka, ndipo amene mwagwira wodwala musambe m'manja ndi sopo musanakhudze chakudya. Ngati mulibe njinga kapena machira, itanani akitivisita amene muli naye pafupi kapena amfumu a msasa, tithandizane kumunyamula.